Kodi mumadziwa? Kompyuta ili ku Jenda, mwini wake ali ku Joni

Ku Mzimba ndi makomo owerengeka amene alibe m'bale ku Joni. Ndalama za kumeneko zakhoma malata ku Embangweni, zatsegula mashopu ku Jenda ndi pa boma, zaimika zigayo ku Manyamula ndi ku Edingeni. Katundu wobwera ndi matransipota masiku ano si mabulangete ndi njinga zokha ayi. M'makatoni mukumatuluka makamera olondera shopu, rauta, ndi kompyuta yolembamo zogulitsa. Mwini wake amafuna kuti ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town konko aziona zimene zikuchitika pakauntala pake. Kwa ena zimayenda bwino sabata imodzi, kenaka chithunzi n'kuzimiririka. Kwa ena sizitheka chiyambire tsiku loyamba. Kawirikawiri gwero lake limakhala kanambala kosakhazikika kotchedwa adiresi ya IP.

Kodi mumadziwa kuti chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa intaneti chimayenera kukhala ndi adiresi? Ya mtundu wakale, wotchedwa IPv4, ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, ndipo nambala iliyonse imachokera pa 0 kulekeza pa 255. Imaoneka chonchi: 203.0.113.25. Imeneyi si ya munthu aliyense, ili m'gulu la maadiresi amene adapatulidwa kuti azingolembedwa ngati zitsanzo. Malamulo a IPv4 adasindikizidwa mu Sepitembala 1981, ndipo mpaka lero ndiwo anyamula gawo lalikulu la intaneti ya kuno kwathu.

Kodi mumadziwa kuti maadiresi amenewa alipo 4,294,967,296 basi? Mu 1981 chiwerengerochi chinkaoneka ngati sichidzatha. Koma anthu padziko lapansi adapitirira 8 biliyoni mu Novembala 2022, ndipo ambiri ali ndi foni, ena ziwiri, kuwonjezera makompyuta, ma TV ndi makamera. Pa 3 Febuluwale 2011 bungwe la IANA, lomwe linkasunga maadiresi onse osagawidwa, lidapereka omaliza kwa mabungwe asanu a m'zigawo za dziko lapansi.

Nanga mumadziwa kuti maadiresi a mu Africa amagawidwa kuchokera pachilumba cha Mauritius? Bungwe la AFRINIC, lomwe lidavomerezedwa mu Epulo 2005, lili ndi likulu lake ku Ebène. Makampani ngati TNM, Airtel ndi MTL amakatenga maadiresi awo kumeneko. N'chifukwa chake adiresi yoonekera kunja ya munthu wa kuno imakonda kuyamba ndi 41, 102, 105, 196 kapena 197. Kuyambira mu Januwale 2020 AFRINIC ikugawa mosinira kwambiri: kampani ikapempha, siilandira maadiresi oposa 1,024 panthawi imodzi. Taganizani, 1,024 kwa kampani yokhala ndi makasitomala mamiliyoni.

Kodi mumadziwa kuti adiresi imene mukugwiritsa ntchito pakali pano ndi yobwereka? Kampani imakubwerekani mukalumikiza, mukachoka n'kuipereka kwa wina. Pa intaneti ya waya adiresi imabwerekedwa kwa maola kapena masiku oikika. Pa netiweki ya foni, nthawi iliyonse imene rauta yaduka n'kulumikizanso ikhoza kulandira ina.

Apa mpamene Mzimba imavutikira kuposa Johannesburg. Tayerekezani shopu ya ku Jenda, m'mphepete mwa msewu wa M1. Rauta yoyera ili pashelefu yapamwamba, pakati pa mabelo a shuga ndi zigubu za mafuta ophikira, timagetsi take tobiriwira tikuphethira. Cha m'ma 2 koloko masana magetsi athima. Furiji yaleka kulira, rauta yazima. Madzulo magetsi ayaka, kagetsi ka netiweki kayamba kofiira, kenaka kasanduka kobiriwira. Kwa mnyamata wogulitsa zonse zabwerera m'chimake. Koma rauta ija yalandira adiresi ina, ndipo imene mwini wake adalemba m'foni yake dzulo tsopano ikugwiritsidwa ntchito ndi munthu wina, kaya ku Karonga kaya ku Nsanje. Kumene magetsi amathimathima, adiresi ikhoza kusintha kangapo tsiku limodzi.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta ya m'shopu imakhala ndi maadiresi awiri, yam'kati ndi yakunja? Ambiri amasokonezeka pomwepa. Munthu aimba foni ali ku Joni, auza mphwake kuti awerenge adiresi ya kompyuta. Mnyamatayo ayang'ana n'kunena kuti, "Atsibweni, ndaipeza, ikuti 192.168.8.100." Atsibweni alemba, ayesa, osatheka. Siingatheke, pakuti adiresi iliyonse yoyamba ndi 192.168, kapena 10, kapena pakati pa 172.16 ndi 172.31, ndi yam'nyumba. Adaipatula mu 1994 kuti izigwira ntchito kuseri kwa rauta kokha. Nambala yomweyo 192.168.8.100 ikupezeka m'nyumba zosawerengeka padziko lonse nthawi imodzimodzi, mwinanso m'chipinda chomwe atsibweniwo akugona ku Johannesburg.

Kodi mumadziwa momwe zipangizo zambiri zimagawirana adiresi imodzi yakunja? Akuluakulu amene ankalemberana makalata ndi abale awo a kumigodi akukumbukira kuti mudzi wonse unkadalira bokosi limodzi la ku positi ofesi, la sukulu kapena la tchalitchi. Kalata yochokera ku Joni inkafikira m'bokosi la sukulu, aphunzitsi aakulu n'kuyang'ana dzina, n'kupatsira mwana wa pakhomopo kuti akapereke. Rauta imagwira ntchito ya aphunzitsi aakuluwo, ndipo njira imeneyi imatchedwa NAT. Foni, kompyuta ndi kamera za m'shopu zikatumiza uthenga kunja, wonse umatuluka ndi nambala ya bokosi limodzi, rauta n'kulemba m'kaundula wake kuti uwu watumiza ndi uje. Yankho likabwera, imadziwa woti imupatse. Koma kalata yongotulukira, imene palibe wa m'katimo adaiyitanitsa, rauta imasowa mwini wake ndipo imangoitaya. Mwini shopu akamayesa kulowa ali ku Joni, uthenga wake ndi kalata yongotulukirayo. Kuti ilandiridwe, pamafunika kuuziratu rauta kuti chilichonse chofikira pa khomo lakuti la rautayo, lotchedwa port, chizipita ku kamera. Amisiri amatcha zimenezi port forwarding.

Tsono makampani ambiri a foni za m'manja adawonjezera bokosi lina pamwamba pa lanulo. Poti maadiresi ndi ochepa, amaunjika makasitomala mazanamazana kuseri kwa adiresi imodzi yakunja. Dzina lake ndi CGNAT. Kiyi wa bokosi limenelo ali ndi kampani, osati inu, ndipo palibe chimene mungasinthe m'rauta yanu kuti kalata yongotulukira ikupezeni. Mfundo imeneyi ndi imene ndikufuna aliyense wogula makamera aimve asanatulutse ndalama. Anthu ambiri amene akuthamangitsana ndi adiresi yosinthasintha alibe n'komwe adiresi yawoyawo yakunja.

Kodi mumadziwa kuti mukhoza kudziyezera nokha zimenezi m'mphindi zisanu? Tembenuzani rauta. Kunsi kwake kuli kapepala komatidwa kolembedwa adiresi yolowera, dzina ndi pasiwedi. Pa ma MiFi ambiri a Huawei adiresiyo ndi 192.168.8.1, pa ena ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Ilembeni mu Chrome muli pa Wi-Fi ya rautayo, lowani, fufuzani pamene palembedwa WAN IP. Ngati nambala yake ikuyamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa bokosi la kampani. Gulu la 100.64 lidapatulidwa mu Epulo 2012 kaamba ka ntchito yomweyi. Kuti mutsimikize, tsegulani tsamba loonetsa adiresi yakunja, monga icanhazip.com, ndipo yerekezani manambala awiriwo. Akafanana, muli ndi adiresi yanuyanu, ngakhale ili yosinthasintha. Akasiyana, mukugawana ndi anthu ena. Poyeza, zimitsani data ya m'foni kuti foni idutsire pa rauta, apo ayi muona adiresi ya SIM yanu.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta ya kuseri kwa rauta siidziwa yokha adiresi yake yakunja? Imayenera kufunsa kompyuta ina ya kutali kuti, kodi ukundiona ndi nambala yanji? Masamba ngati icanhazip.com, ifconfig.me ndi ipify.org ntchito yawo ndi yomweyo basi. La icanhazip adaliyambitsa ndi katswiri mmodzi, Major Hayden, mu 2009, ndipo mafunso atamuchulukira adalipereka ku kampani ya Cloudflare mu 2021. Pa IPv4 yankho la funsoli siliposa zilembo 15, kuwerengera ndi timadontho tomwe, choncho kufunsako sikudya bandulo yoti n'kudandaula nayo.

Njira yosavuta kuposa zonse yachokera pamenepa. Mmisiri amalemba kapulogalamu ka mizere yochepa kamene kamafunsa adiresi mphindi zisanu zilizonse, n'kuiyerekeza ndi imene kadasunga. Ikakhala yomweyo, kamakhala chete. Ikasintha, kamatumiza yatsopanoyo pa imelo kapena pa Telegram kwa mwini wake. Pa Linux ntchito yodzutsa kapulogalamuka nthawi ndi nthawi imagwiridwa ndi cron, pa Windows ndi Task Scheduler. Phindu lina lobisika ndi lakuti mauthengawo amakhala ndi nthawi yake, ndiye pakutha pa mwezi munthu amaona kuti intaneti ya pashopu idaduka kangati komanso nthawi zanji.

Kodi mumadziwa kuti mukhoza kupatsa kompyuta yanu dzina losasintha ngakhale nambala yake izisintha? Dongosolo lotembenuza mayina kukhala manambala, lotchedwa DNS, adalikonza ndi Paul Mockapetris mu 1983. Mayina othera ndi .mw, a dziko lathu, amayang'aniridwa ndi bungwe la SDNP ku Blantyre. Poyamba nambala ya dzina lililonse inkalembedwa pamanja ndipo inkakhala yomweyo zaka. Mu Epulo 1997 mudatuluka malamulo olola makina kusintha okha nambala yomangidwa ku dzina, ndipo m'zaka zomwezo mudabadwa makampani opereka Dynamic DNS, mwachidule DDNS. Mumalembetsa dzina, rauta kapena kompyuta yanu n'kumauza kampaniyo nthawi iliyonse imene adiresi yasintha. Inu ku Joni mumangolemba dzinalo. Marauta ambiri ndi makina ojambulira a makamera ali kale ndi malo olembedwa DDNS, pongofunika kudzazapo dzina ndi pasiwedi. Pa kompyuta ya Linux pali pulogalamu yakale yodalirika yotchedwa ddclient.

Kodi mumadziwa kuti dzina silisintha nthawi yomweyo paliponse? Yankho lililonse la DNS limabwera ndi nthawi yoti lisungidwe, yotchedwa TTL. Makampani a DDNS amakonda kuiika pa masekondi 60. Magetsi akangoyaka ku Jenda, dikirani mphindi zingapo musanayambe kuimbira anthu foni.

Kodi mumadziwa kuti zaulere za pa intaneti zimatha mosayembekezereka? DynDNS, yomwe idatchukitsa njira imeneyi, idapereka mayina aulere kwa zaka zoposa khumi, kenaka mu Meyi 2014 idaleka. Marauta ambiri akale akadali ndi dzina lake m'ndandanda wawo. Patangopita milungu yochepa, pa 30 Juni 2014, kampani ya Microsoft idatenga chilolezo kukhoti ku America n'kulanda mayina akuluakulu oposa 20 a kampani ya No-IP, ponena kuti akuba a pa intaneti ankabisalamo. Anthu ochuluka osalakwa adataya njira yofikira makamera ndi makompyuta awo kwa masiku angapo mpaka mayinawo atabwezedwa. No-IP ikadalipo, koma dzina laulere limayenera kutsimikizidwa masiku 30 aliwonse, ndipo mukaiwala limafufutidwa. DuckDNS ndi ina yaulere imene ambiri amaikonda. Ine ndimalangiza kuti pakhale njira ziwiri zosadalirana, mwachitsanzo DDNS ndi kauthenga ka pa imelo kaja, chifukwa tsiku limene imodzi yafa simungakwere basi kuchoka ku Johannesburg kudzangokonza dzina.

Koma mumadziwa kuti DDNS siithandiza kanthu kwa amene ali kuseri kwa CGNAT? Dzina lidzaloza bwinobwino ku adiresi yolondola, koma adiresiyo ndi ya kampani, ndipo uthenga wanu udzathera pomwepo. Zimandipweteka kuona munthu wavutika kunja, walipira mmisiri kawiri katatu kuti akonze DDNS, pamene vuto lili poti DDNS siingafikepo. Mmisiri woona mtima amayamba wayang'ana WAN IP asanatchule mtengo.

Kodi mumadziwa kuti njira yolambalala zonsezi ndi kutembenuza funso? M'malo moti inu muzisaka kompyuta, kompyutayo izituluka yokha kukalumikizana ndi seva yokhazikika, inunso muzikumana nayo kumeneko. Uthenga wotuluka suletsedwa ndi rauta kapena ndi CGNAT, ndipo mayankho ake amaloledwa kulowa. Ndi momwe WhatsApp imakupezerani ngakhale adiresi ya foni yanu isinthe kakhumi patsiku. Ndi momwenso malipoti a zaumoyo a m'maboma onse, Mzimba yomwe, amafikira ku unduna kudzera mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo: kompyuta ya kuboma ndiyo imapita ku seva, osati seva kubwera kudzaifuna.

Kwa wofuna kuona nkhope ya kompyuta ya kutali ndi kuigwiritsa ntchito, pali TeamViewer ndi AnyDesk, onse a ku Germany, amene amapatsa kompyuta nambala yawoyawo yosadalira adiresi ya IP. Makamera a Hikvision ndi Dahua amabwera ndi kachizindikiro ka QR kamene mumajambula ndi foni, kamera n'kumalumikizana nanu kudzera pa maseva a kampaniyo. Kwa wofuna kuti kompyuta ya ku Mzimba ndi laputopu ya ku Cape Town zikhale ngati zili pa rauta imodzi, pali ZeroTier ndi Tailscale. Tailscale idamangidwa pa WireGuard, njira yobisa mauthenga yopangidwa ndi Jason Donenfeld, imene idalowa m'kati mwa Linux mu Malichi 2020. Pa Tailscale chipangizo chilichonse chimalandira adiresi yoyamba ndi 100 imene siisintha, magetsi athime kangati. Pa njira zonse zimene ndatchula m'nkhani ino, kwa munthu wodalira SIM ya foni Tailscale ndiyo ndingaiyike patsogolo.

Kodi mumadziwa kuti mukamaonera kamera muli kutali, bandulo imadyeka mbali zonse ziwiri? Foni yanu ikulandira, rauta ya pashopu ikutumiza, ndipo kutumiza nakonso kumawerengedwa. Makamera ambiri ali ndi zithunzi za mitundu iwiri, chowala kwambiri ndi chopepuka. Sankhani chopepukacho poonera za tsiku ndi tsiku.

Kodi mumadziwa kuti adiresi yosasintha imagulidwa? Makampani a intaneti amaipereka makamaka kwa mabizinesi ndi maofesi, pamtengo wowonjezera mwezi ndi mwezi. Yakwera mtengo chifukwa maadiresi adasanduka katundu wa pamsika. Mu 2011 Microsoft idagula maadiresi 666,624 kwa kampani ya Nortel, yomwe inali itagwa, pamtengo wa madola 7.5 miliyoni, kutanthauza madola 11.25 iliyonse. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 Amazon imalipiritsa makasitomala a maseva ake theka la senti pa ola pa adiresi iliyonse ya IPv4. Ndipo pamene pali mtengo pamabwera akuba: mu 2019 zidaululika kuti maadiresi a mu Africa adasinthidwa umwini mwachinyengo m'kaundula wa AFRINIC, ndipo kafukufuku wa bungwelo adapeza kuti okhudzidwa anali pafupifupi 4.1 miliyoni. Amenewo anali maadiresi oyenera kutumikira anthu a kuno.

Kodi mumadziwa kuti Starlink nayonso siipereka adiresi yanuyanu kwa aliyense? Idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julayi 2023, ndipo ndi chithandizo chenicheni kumalo ngati Khosolo kapena m'nkhalango za ku Luwawa kumene netiweki ya foni imavuta. Koma wolipira mtengo wa pakhomo amakhala kuseri kwa CGNAT pa IPv4. Adiresi yoonekera kunja imapezeka pa mapulani okwera mtengo, ndipo nayonso ikhoza kusintha.

Kodi mumadziwa kuti kusinthasintha kwa adiresi sikubisa kamera yanu kwa akuba? Ena amaganiza kuti poti shopu ili ku Emfeni, palibe angaifune. Akuba safuna Emfeni, amangogogoda pa adiresi iliyonse motsatana. Mu 2013 akatswiri a ku University of Michigan adatulutsa pulogalamu ya ZMap, yomwe imatha kuyendera maadiresi onse a IPv4 m'mphindi zosakwana 45. Palinso Shodan, imene kuyambira mu 2009 imasonkhanitsa mndandanda wa makamera, marauta ndi makina ena osiyidwa poyera. Mukatsegula port 3389 ya Remote Desktop kapena port 22 ya SSH, oyesa mapasiwedi amafika tsiku lomwelo.

Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai idalowa m'makamera, m'makina ojambulira ndi m'marauta mazana a masauzande pongoyesa mayina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 a kufakitale, monga admin ndi 12345. Pa 21 Okutobala chaka chimenecho zipangizozo zidatumidwa kuukira kampani ya Dyn, yomwe ija ya DynDNS, ndipo Twitter, Netflix ndi ena adasowa kwa maola m'madera ambiri a America. Chakumapeto kwa chaka chomwecho mtundu wina wa Mirai udagwiritsidwa ntchito kuukira kampani ya foni ya Lonestar ku Liberia, ndipo mzika ya ku Britain imene idachita zimenezo idalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 32 mu Januwale 2019. Eni makamera aja sankadziwa kanthu. Sinthani pasiwedi tsiku loika kamera, ndipo muisinthe nokha mmisiri atachoka. Akaunti ya kamera ilembetsedwe pa imelo kapena nambala yanu, osati yake.

Kodi mumadziwa kuti nambala ya AnyDesk kapena TeamViewer siiyenera kuperekedwa kwa munthu wongokuimbirani foni? Mbava zimanamizira kuti ndi a kubanki kapena a kampani ya foni, n'kupempha kuti muike pulogalamuyo ndi kuwerenga nambala yake. Mukavomera, zimaona zonse zimene mukulemba. Kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Pambali pa malamulo, ndi ulemu kuuza amene akugulitsa m'shopu, kaya ndi mlamu wanu kaya wantchito, kuti pali kamera ndipo yaloza pati.

Kodi mumadziwa kuti adiresi ya IP siingakuuzeni pamene pali foni kapena laputopu yobedwa? Muli pa boma la Mzimba, masamba oyerekeza malo adzanena kuti muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre, chifukwa amatsata kumene kampani idalembetsa kapena kumene mauthenga amatulukira. Abale athu a ku Joni amve nkhani iyi: kwa zaka zingapo banja lina la ku Pretoria linkalandira alendo okwiya, ndi apolisi omwe, onena kuti mafoni ndi makompyuta awo obedwa ali m'nyumbamo. Chifukwa chake chinali chakuti kampani ya MaxMind, ikadziwa kuti adiresi ili ku Pretoria koma osadziwa malo enieni, inkaloza pamalo amodzi oimira mzinda wonse, ndipo malowo adagwera pabwalo la nyumbayo. Nkhaniyi idatuluka mu Januwale 2019. Zofanana ndi zimenezi zidachitikira famu ina ku Kansas, ku America, kumene kudalozedwa maadiresi oposa 600 miliyoni. Amene angadziwe kuti adiresi yakuti inali ndi ndani pa ola lakuti ndi kampani ya intaneti yokha, ndipo zimenezo zimadzera kupolisi ndi kukhoti.

Kodi mumadziwa kuti SIM ya ku Malawi ikamagwira ntchito kunja, nthawi zambiri imaonekabe ndi adiresi ya ku Malawi? Mauthenga ake amayamba abwerera ku kampani ya kwawo asanatuluke pa intaneti. Kwa okhala kufupi ndi malire a Zambia, cha ku Mqocha, vuto ndi lina: rauta ikhoza kukoka nsanja ya tsidya lija n'kusiya kugwiritsa ntchito bandulo ya kuno. Zimitsani roaming m'rautamo.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta ikakhala chete, nthawi zina adiresi imangonamiziridwa? Choyamba kufunsa ndi bandulo. Ikatha, DDNS, AnyDesk ndi Tailscale zonse zimafa pamodzi, ndipo mankhwala ake ndi kuigulira nambala ya m'rautayo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Chachiwiri ndi moto. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, nkhungu ya ku Viphya ikaphimba dzuwa, batire ya sola imatha usiku usanathe. Chachitatu, kompyuta yapadesiki siidziyatsa yokha magetsi akabwera pokhapokha mutaiuza mu BIOS, pamalo amene amakonda kulembedwa Restore on AC Power Loss. Chachinayi n'chaching'ono kwambiri moti ambiri sachiganizira: kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kamene kali m'kati mwa kompyuta ndipo kamasunga nthawi. Kakatha, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti ili m'chaka china cha kale, masamba otetezedwa n'kuikana, ndipo kapulogalamu kotumiza adiresi kamalephera mwakachetechete. Nthawi zina vuto limakhala kutali kwenikweni. Pa 12 Meyi 2024 mawaya a pansi pa nyanja a EASSy ndi SEACOM adaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti idafooka ku Tanzania, Kenya, Mozambique ndi kuno ku Malawi.

Kodi mumadziwa kuti njira yothetsera kuchepa kwa maadiresi ilipo kale kuyambira mu 1998? Ndi IPv6, imene maadiresi ake ndi ochuluka moti chiwerengero chake chili ndi manambala 39 kuchilemba. Makampani akuluakulu adaitsegula kotheratu pa 6 Juni 2012. Pa IPv6 foni, kamera ndi kompyuta iliyonse ikhoza kukhala ndi adiresi yakeyake yakunja, popanda CGNAT. Gawo loyambirira la adiresiyo likhoza kusinthabe rauta ikazima, choncho DDNS imafunikabe, ndipo mbali zonse ziwiri, ya ku Mzimba ndi ya ku Joni, ziyenera kukhala ndi IPv6 kuti zionane. Starlink imaipereka kale. Adiresi yake imalembedwa ndi manambala osakaniza zilembo za a mpaka f, olekanitsidwa ndi timadontho tiwiritiwiri, ndipo yochokera ku AFRINIC imakonda kuyamba ndi 2c0f. Mukapeza m'rauta yanu yoyamba ndi fe80 yokha, imeneyo ndi yam'nyumba, siituluka panja. Pamenepo pitani kushopu ya kampani imene mumagulako bandulo mukafunse kuti IPv6 adzaitsegula liti pa SIM yanu, ndipo mabungwe a amalonda a pa boma ndi a ku Jenda akhoza kulemba kalata ya funso lomwelo ku MACRA.